Bandulo ya Sukulu Adzalipira Ndani?

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, nthawi ya kampeni ikadzafika mudzalandira alendo ambiri. Adzafika ndi zimkuzamawu, nsalu ndi malonjezo, ndipo pakati pa malonjezowo simudzalephera kumva lakuti sukulu ya m'dera lanu idzalandira makompyuta. Anthu adzaomba m'manja, amayi adzalulutira, galimoto zidzabwerera kumene zinachokera. Pempho langa ndi lakuti lonjezo limeneli likadzatuluka, mmodzi wa inu adzaimirire mwaulemu n'kufunsa kuti: makompyutawo akadzafika, adzalipira intaneti yake mwezi ndi mwezi ndani, ndipo pamtengo wotani? Wofuna voti amene analiganizirapo funsoli mudzamudziwa ndi yankho lake. Amene sanaliganizirepo adzayamba kukuuzani za dziko la Rwanda kapena za masomphenya a chaka cha 2063, ndipo mudzamudziwanso.

Kuti muone kulemera kwa funsoli, tiyeni tichoke kunyanja kwa kanthawi, tikwere kumtunda. Dera la Mfumu Yaikulu Dzoole lili m'boma la Dowa, kufupi ndi Mponela, m'dziko la fodya, mtedza, soya ndi chimanga, kumene mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaonekera chapatali. Amene mumakweza usipa ndi utaka kupita nazo kumisika ya kumtunda mukuidziwa njira yake, kaya mwadzera ku Salima n'kukwera pa Mvera, kaya mwachokera ku Nkhotakota n'kudutsa pa Ntchisi. Kwa Dzoole si kumalekezero a dziko. Mponela ali pamsewu waukulu wa M1, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Lilongwe, kumene kuli Nyumba ya Malamulo ndi maunduna onse a boma. Mkulu wa ku Capital Hill akanyamuka m'mawa angafike kwa Dzoole dzuwa lisanayambe kutentha.

Chaka china ndinacheza pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera limeneli. Dzina lake ndilisunga, pakuti aphunzitsi ake sanalakwe kanthu. Aphunzitsi aakulu ananditsegulira chipinda cha chitseko chachitsulo, chokhala ndi maloko awiri, ndipo mkatimo munali makompyuta atandandalikidwa bwinobwino pamatebulo, iliyonse itafundidwa chitenje kuopa fumbi. Anandiuza kuti amene anapereka makinawo analipiranso intaneti ya miyezi yoyambirira, ndipo miyeziyo itatha panalibe wopitiriza. Tindalama timene sukulu imapeza timathera pa choko, pa mapepala a mayeso ndi pa malipiro a mlonda wolondera makompyuta omwewo. Mphunzitsi wa sayansi akafuna mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo amagula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake, n'kukaima pachulu kuseri kwa bwalo la mpira kumene netiweki imagwirako, kenako n'kudzakopera ana pabolodi ndi dzanja. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Makompyuta aja anali a pachala.

Tsono ngati zinthu zili chonchi pakhomo pa likulu la dziko, ganizirani za ku Makanjira, kwa Katuli, ku Namwera, ku Chipoka kapena m'midzi ya kumpoto kwa Nkhotakota. Ndasankha kwa Dzoole mwadala. Tikadandaula za kwathu, amatiyankha kuti vuto ndi kutalika kwa mtunda, misewu yoipa ndi milatho yokokoloka. Kwa Dzoole yankho limeneli silikwanira. Chimene chinatseka chipinda chija ndi mtengo, ndipo mtengo wa intaneti sugwa kumwamba ngati mvula: pali anthu amene amaukonza, pali bungwe limene limauvomereza, pali aphungu amene amaikapo msonkho. Onsewa amakhudzidwa ndi voti imene mumaponya, ndipo lamulo limene lingatsegule chipinda cha kwa Dzoole ndi lomwelo limene lingatsegule cha kwanu.

Mtengowu umayambira kutali. Dziko lathu silinagundane ndi nyanja yamchere, choncho intaneti imatifika kudzera m'zingwe zodutsa pansi pa nyanja ya Indian Ocean, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimene zimatulukira kumtunda ku Tanzania ndi ku Mozambique. Kuchokera kumeneko makampani athu amagula njira ndi madola, n'kuikokera mpaka kuno. Boma nalonso silinakhale manja lende. Linatenga ngongole ku China, kampani ya Huawei n'kuyala zingwe za intaneti motsatira mizere ya magetsi a ESCOM, ndipo gawo loyamba la ntchitoyi linatha mu 2018. Mu 2017 World Bank inavomereza madola 72.4 miliyoni a ntchito yotchedwa Digital Malawi. Ngongole zimenezi tikubweza ndife tonse, msodzi wa ku Msaka ndi mlimi wa fodya wa kwa Dzoole, ngakhale kuti ana a onse awiri sanaonebe phindu lake m'kalasi. Msewu waukulu unamangidwa. Tinjira tolowera kusukulu ndi timene tikusowa.

Pamwamba pa zimenezi pali msonkho. Mu bajeti ya 2015 boma linaika msonkho wapadera wa K10 pa K100 iliyonse pa mauthenga a pafoni ndi pa data, kuonjezera pa VAT ya 16.5 peresenti. Mukawerengera bwino mupeza kuti pa K1,000 iliyonse imene mphunzitsi uja amagulira bandulo, ndalama yoposa K200 imabwerera kuboma. Msonkho wa mtundu umenewu timaudziwira pa zinthu zimene boma limafuna kuti anthu asazigwiritse ntchito kwambiri, monga ndudu ndi mowa. Mafunso a mayeso a Fomu 4 akhala bwanji m'gulu limodzi ndi ndudu, ine sindimvetsa. Unduna umodzi umatumiza mphunzitsi kukaphunzitsa sayansi, wina n'kumamudikirira pachulu kuti umudule msonkho.

Ndiye pali nkhani ya ogulitsa. Pafupifupi aliyense amene ali ndi foni m'dziko muno ali m'manja mwa makampani awiri: TNM, imene inayamba mu 1995, ndi Airtel, imene inafika mu 1999 ndi dzina la Celtel, n'kukhala Zain mu 2008, n'kudzakhala Airtel mu 2010. Ziphaso zinaperekedwapo kwa ena, monga G-Mobile ndi Celcom, koma palibe amene anaimbapo foni panetiweki yawo. Starlink, imene imatsitsa intaneti kuchokera m'mlengalenga, inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, ndipo ingathandize kumene nsanja sizinafike, koma zipangizo zake ndi malipiro ake a pamwezi si za sukulu yosowa ndalama ya choko. Msodzi aliyense amadziwa zimene zimachitika padoko pamene ogula nsomba ali awiri okha: safunika kupangana kuti mtengo uwakomere. Pamsika wa intaneti awiriwo ndi ogulitsa, ife ndife ogula. Msika wotere umafuna woyang'anira wamaso.

Woyang'anirayo alipo, ndi bungwe la MACRA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la mu 1998, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Ndi bungweli limene limapereka ziphaso, limaunika mitengo makampani asanaisinthe, limayeza ngati netiweki ikugwira monga analonjezera, ndipo lili ndi mphamvu yolipitsa chindapusa. Akuluakulu a bodi yake amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko, n'kuvomerezedwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo a boma. Apa ndi pamene chala chanu chodindidwa inki chimakhudzira mtengo wa bandulo.

Kuti mtengowu umasunthika tinaona ndi maso athu. Mu 2020 achinyamata ndi mabungwe anakweza mawu pansi pa mfuu ya Data Must Fall, nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawiyo, a Gospel Kazako, inaitana makampani, ndipo mtengo wa data yogula popanda bandulo unatsika. Ku Airtel unachoka pa K15 kufika pa K5 pa MB imodzi. Mu April 2021 MACRA inalengeza kuti bandulo ya 1GB yatsika kuchoka pa K3,500 kufika pa K2,450. Makampani sanagwe, nsanja sizinazime. Koma kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inayambanso kukwera pamodzi ndi ya zinthu zina zonse. Zimene zagwirizanidwa m'chipinda cha msonkhano zimatha ndi nyengo yake, nduna ikasintha kapena phokoso likazizira. Sukulu singakonze maphunziro a zaka zinayi podalira phokoso.

Lamulo la 2016 lija lili ndi chida chimodzi chimene ambiri a ife sitichidziwa, ngakhale kuti timachisonkhera. Linakhazikitsa thumba lotchedwa Universal Service Fund, loyendetsedwa ndi MACRA, limene limalandira gawo la ndalama zimene makampani amapereka kubungweli, ndipo cholinga chake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumene makampani sapitako chifukwa kulibe phindu. Kudzera m'ntchito yotchedwa Connect a School, thumbali lamanga zipinda za makompyuta m'sukulu zina za sekondale zakumudzi. Ndi ntchito yabwino, ndipo amene anaiganiza ayamikidwe. Chimodzimodzinso ntchito ya BEFIT, imene kuyambira mu 2023 ikugawa matabuleti oyendera magetsi a dzuwa m'sukulu za pulayimale kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirira kuwerenga ndi masamu. Matabuletiwa maphunziro ake ali kale mkati, choncho mwana safuna bandulo. Vuto la zipinda za makompyuta ndi lakuti chipinda chimamangidwa kamodzi, chimatsegulidwa ndi nduna, chimajambulidwa, chimatuluka m'nyuzipepala. Bilu ya pamwezi ilibe mwambo wotsegulira, palibe amene amaijambula, ndipo imabwera kakhumi ndi kawiri pachaka. Andale amakonda njerwa chifukwa njerwa zimaoneka.

Maiko ena anakumana ndi vuto lomweli n'kulilembera lamulo. Ku America, lamulo la zamauthenga la mu 1996 linakhazikitsa dongosolo lotchedwa E-Rate, limene limachotsera sukulu ndi malaibulale gawo la mtengo wa intaneti, kuyambira 20 mpaka 90 peresenti. Chochititsa chidwi ndi kawerengedwe kake. Sayang'ana chipani cha phungu wa deralo kapena ubale wa mphunzitsi wamkulu ndi wina wa kulikulu. Amayang'ana kuchuluka kwa ana osauka pasukulupo, ndiponso ngati sukuluyo ili kumudzi. Sukulu ikakhala yosauka kwambiri, kuchotseredwa kwake kumakula. Kampani siluza kanthu, pakuti gawo lochotsedwalo imalandira kuchokera kuthumba limene makampani onse amasonkhamo, lofanana ndi lathu lija ngakhale dzina lomwe. Dziko lolemera kuposa onse linaona kuti msika pawokha sudzafika pasukulu ya mwana wosauka. Ife tikuyembekeza kuti udzafika bwanji?

Chitsanzo chachiwiri chili kufupi, kumene ana athu ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amakagwira ntchito. South Africa inalemba m'lamulo lake la mu 2005 kuti sukulu za boma zizichotseredwa theka la mtengo wa intaneti. Papepala zinaoneka bwino. Koma sukulu zambiri zakumudzi sizinapindule, chifukwa theka lotsalalo linali lokwerabe kwa sukulu yopanda ndalama, ndipo panali kukokanakokana pa nkhani ya amene ayenera kusenza gawo lochotsedwalo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo longonena kuti sukulu zichotseredwe, osanena kumene ndalama zichokere ndi tsiku limene ziperekedwe, limangoonjezera tsamba m'buku la malamulo. Ifenso tili ndi chikumbutso chathu: pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo ambiri anakaphunzirira pansi pa mitengo chifukwa chilengezo chinathamanga, ndalama n'kutsalira m'mbuyo.

Chimene ndikuti tifune kwa aphungu 229 amene timawatumiza ku Lilongwe ndi ichi. Alembe m'lamulo, osati m'chikalata cha malonjezo a chipani, kuti sukulu iliyonse yosachita malonda, laibulale iliyonse ndi malo aliwonse ophunzitsirako aphunzitsi a m'zoni, amene timawatcha TDC, azilipira intaneti pamtengo wochotseredwa, ndipo kuchotserako kuzikula molingana ndi umphawi wa dera. Msonkho wapadera uja ndi VAT zichotsedwe pa intaneti ya sukulu; izi Nyumba ya Malamulo ingachite m'bajeti imodzi popanda kupempha chilolezo kwa kampani iliyonse. Gawo lodziwika la thumba la Universal Service Fund lipatulidwe kuti lizilipira mabilu a pamwezi. Kampani ikamapempha kuti chiphaso chake chiwonjezedwe nthawi, MACRA iziika m'chiphasomo mndandanda wa sukulu zimene kampaniyo iyenera kufikako ndi chaka chimene ifikire, pakuti mafunde a m'mlengalenga amene imagwiritsa ntchito ndi chuma cha dziko, monga momwe nyanja ilili. Muyeso ukhale umphawi wa ana, osati mwini sukulu: ya boma, ya mishoni, ya mabungwe a Chisilamu, zonse ziyezedwe pasikelo imodzi. Ndipo chaka chilichonse mndandanda wa sukulu zopindula ndi ndalama zimene zapita kwa iliyonse zizisindikizidwa poyera, kuti wa ku Chipoka athe kuona zimene wa kwa Dzoole walandira.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza, ndipo simukulakwa. Mwana wanu amakhala pansi chifukwa kulibe desiki, kalasi imodzi ili ndi ana oposa zana, atsikana akusiyira sukulu panjira chifukwa kulibe zimbudzi zabwino kapena malo ogona, anyamata akuthamangira kunyanja kukakoka chilimira. Intaneti pamalo otere imamveka ngati kugulira mwana wanjala nsapato za mpira. Sindingakuuzeni kuti bandulo iposa desiki. Koma ndalama za thumba lija sizingagulire desiki. Lamulo linazipatula kuti zigwire ntchito ya mauthenga okha, ndipo tikapanda kuzilondola zidzagwira ntchito kwina, kwa amene amadziwa kugogoda pazitseko. Chinanso, zitseko zambiri za maphunziro zasamukira kale paintaneti popanda kutifunsa. Mwana wokhoza bwino MSCE amafunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera kubungwe la NCHE, ndipo njira yake yaikulu tsopano ndi ya paintaneti. Kupempha ngongole ya maphunziro n'chimodzimodzi. Wa ku Area 47 amachita zimenezi atakhala pampando kunyumba. Wa kwa Dzoole amakwera kabaza kupita ku Mponela, n'kukalipira mnyamata wa pashopu kuti amudzazire fomu, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika amadziwa nthawi itatha.

Mukukumbukiranso chaka cha 2020. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa mu September. Boma linagwirizana ndi makampani awiri aja kuti ana a sekondale aziwerenga maphunziro paintaneti popanda kulipira data. Izi zinaonetsa kuti n'zotheka kuti masamba a maphunziro akhale aulere, makampani akafuna kapena akauzidwa. Zinaonetsanso kuti amene anapindula ndi amene makolo awo anali kale ndi foni zamakono ndi magetsi, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Kwathu kunyanja tinaona zimene miyezi ija inabala, ndipo atsikana ena amene anachoka nthawi imeneyo sanabwerere m'kalasi. N'chifukwa chake ndikulimbikira za sukulu ndi laibulale. Foni ya m'nyumba ndi ya banja limene lili nayo. Chipinda cha pasukulu ndi cha mudzi wonse.

Za laibulale ndinene mwapadera, chifukwa pamisonkhano ya ndale simudzamva dzina lake. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo kufikira lero kumudzi laibulale nthawi zambiri ndi mashelefu ochepa m'kachipinda ka pasukulu. Kachipinda kotere kanali ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi Dowa. William Kamkwamba atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo ake atalephera kulipira fizi, ankapita kumeneko kukabwereka mabuku, ndipo m'buku lina la sayansi anaonamo chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Anapanga ake ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, n'kuyatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake ali ndi zaka 14. Intaneti anaiona koyamba mu 2007 ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo anadabwa kupeza kuti zimene anavutika nazo miyezi yambiri pongoyang'ana zithunzi zinali zitalembedwa kale momveka. Anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014. Nkhani yake timaikonda chifukwa inatha bwino, koma laibulale ija inali ya mwana amene sukulu inamutaya. Kwathu ana otere ndi ochuluka, ndipo chipinda cha makompyuta cha pasekondale sichiwalola kulowa chifukwa alibe yunifolomu.

M'boma la Dowa lomwelo muli umboni wina. Pamsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994, ansembe a chipani cha Jesuit anayambitsa mu 2010 maphunziro a paintaneti, ndipo achinyamata ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, amene saloledwa n'komwe kukhala kunja kwa msasa, analandira madipuloma a Regis University ya ku America ali pomwepo. Sindikunena izi mwa nsanje. Anthu amenewa ataya zambiri kuposa ife. Ndikungoonetsa kuti mphepo ya ku Dowa imanyamula maphunziro bwinobwino pamene pali wina amene walonjeza kulipira bilu chaka ndi chaka, n'kusunga lonjezolo.

Makolo ambiri ali ndi nkhawa ina, imene sainena pamsonkhano koma amainena pakhonde: intaneti ili ndi zonyansa, zithunzi zolaula, njuga za mpira zimene zikumeza ndalama za anyamata, ndi anthu achinyengo. N'zoona. Koma zimenezi zinalowa kale m'mudzi kudzera m'mafoni a m'thumba, usiku, popanda wamkulu woona. Intaneti ya pasukulu ndi yokhayo imene ingasefedwe ndi kuyang'aniridwa. Ku America komwe kuja, lamulo la mu 2000 linalamula kuti sukulu kapena laibulale yolandira kuchotseredwa iziika sefa yotsekera zithunzi zolaula. Ifenso tingalembe chimodzimodzi, n'kupatsa komiti ya sukulu, mmene mumakhala makolo, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo, mphamvu yoona kuti sefayo ikugwira.

Makampani nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo tiimve. Zipangizo amagula ndi madola amene akusowa m'mabanki, nsanja zambiri zimayendera dizilo magetsi akazima, akuba amaba mabatire ndi kudula zingwe. Kuwakakamiza kugulitsa motsika kuposa mmene amawonongera kungachititse kuti asiye kumanga nsanja kumudzi, ndipo oyamba kuvutika tingakhale ife. Ndiye chifukwa chake gawo lalikulu la kuchotseraku liyenera kuchokera kumsonkho ndi kuthumba lija. Koma asatiuzenso kuti ali pa umphawi. TNM ili pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange kuyambira 2008, Airtel Malawi kuyambira 2020, ndipo malamulo a msikawo amawakakamiza kusindikiza phindu lawo chaka chilichonse. Phungu wodziwa ntchito yake angawerenge ziwerengerozo asanalowe m'komiti.

Ife a kunyanja tili ndi chifukwa chathu chosachedwera pa nkhaniyi. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali za mishoni, monga za ku Mvera ndi Kongwe m'mapiri omwewa a Dowa, ndipo agogo athu ambiri anakana kutumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo cha makolo awo. Anali ndi zifukwa zomveka. Koma mtengo wake tinaulipira kwa mibadwo itatu, pamene maofesi, zipatala ndi makhoti zinadzaza ndi ana a kwina. Khomo limene likutseguka lero silifunsa dzina la munthu kapena kumene amapemphera. Limafunsa ndalama ya bandulo basi.

Choncho pamsonkhano ukubwerawo, gawanani mafunso. Wofuna uphungu afunsidwe ngati akulidziwa thumba la Universal Service Fund, ngati angavote kuti msonkho wa data uchoke pa sukulu, ndiponso ngati angapereke nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo m'chaka chake choyamba. Wofuna ukhansala afunsidwe kuti m'wodi yake muli sukulu zingati zokhala ndi magetsi, kaya a ESCOM kaya a dzuwa, chifukwa popanda magetsi zonsezi ndi nthano, ndiponso ngati angalimbikitse kuti ndalama za chitukuko za dera zifike pa kachipinda ka mabuku. Otumidwa ndi ofuna utsogoleri wa dziko afunsidwe za anthu amene adzaikidwe m'bodi ya MACRA, ngati adzakhala odziwa ntchito kapena othokozedwa chifukwa cha kampeni. Mlembi wa komiti ya sukulu alembe mayankho m'kope, ndi tsiku lake, ndi dzina la woyankha.

Ndipo musadikire chisankho kuti muyambe. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo MACRA ndi bungwe la boma. Komiti ya sukulu iliyonse, ya kwa Dzoole kapena ya ku Makanjira, ingalembe kalata ya tsamba limodzi yofunsa ndalama zimene thumbali linalandira chaka chatha, sukulu zimene zinapindula m'boma lawo, ndi njira imene sukulu zinasankhidwira. Sungani kope ya kalatayo, ndipo wofuna voti akadzafika ndi lonjezo la makompyuta mudzamupatse awerenge pamaso pa anthu.